Usiku wa ku Salima umalondola kumene kwalowera ndalama

Mukatsika basi pa Kamuzu Road Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 8 koloko usiku, khutu limasowa pogwira. Bala ili kuno ikuliza amapiano, ya patsidya pa msewu yatsegula reggae ya ku Chileka, mnyamata wogulitsa mayunitsi naye wakweza kwaya pa kasipika kake, ndipo akabaza akuimba mabelu kulimbirana inuyo. Masipika ambiri amakhala pakhonde, atayang'ana kumsewu, chifukwa m'katimo simukhalika. Kutentha kwa ku Salima sikudziwa kuti dzuwa lalowa. Anthu amamwera panja, amavinira panja, ndipo wa chiwaya ndi wa kanyenya amangosendeza mbaula zawo kufupi ndi kumene kwachuluka miyendo.

Mlendo amaganiza kuti mtima wa tauniyi wakhala pamenepa chiyambire, koma akuluakulu amene anakulira kuno amakuuzani kuti phokosoli linachita kusamuka. Lasamukapo kangapo, ndipo ulendo uliwonse limatsatira njira imene ndalama yalowera m'bomali. Nyimbo nazo zimabwera pa njira yomweyo.

Njanji ndi thonje

Salima ngati tauni ndi mwana wa njanji. Njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno mu 1935, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo kwa zaka zoposa 40 sitima inkathera pompano. Katundu wopita ku Lilongwe ankatsitsidwa pa siteshoni ya Salima n'kukwezedwa pa malole. Fodya ndi mtedza wa kumtunda zinkatsikira kuno kudzakwera sitima, thonje la m'chigwa chino chimodzimodzi. Pamene pakutsitsidwa ndi kukwezedwa katundu pamakhala amtengatenga, madalaivala ogona panjira, akalaliki a pa sikelo, ndi amwenye a masitolo. Anthu oterewa dzuwa likalowa amafuna pokhala. N'chifukwa chake usiku woyamba wa Salima unali kufupi ndi siteshoni ndi msika, uko timangoti kutauni.

Usiku umenewo unali wa masese. Kwa nthawi yaitali ya utsamunda malamulo sankalola munthu wakuda kugula mowa wa chizungu, choncho kumwa kunali kwa amayi ofulula, pa chipanda, kuseri kwa nyumba, kachasu ali wobisa. Oimba anali a bangwe, a banjo ya chikopa ndi waya wa buleki ya njinga, kenako a gitala. Malipiro awo anali chipanda chomwecho ndi timakobidi toponyedwa pansi.

Chida choyamba chimene chinayamba kulanda malo a woimba wamoyo chinabwera m'sutikesi. Amuna obwera ku Joni ndi ku Halale, ena a Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ena a selufu opita paokha, ankabwera ndi galamafoni yopukusa ndi mbale zake. Kwela ya ku South Africa inalowa choncho, pambuyo pake simanjemanje. Rumba ya ku Congo, ya anthu ngati Franco ndi Tabu Ley, inadzera pa mbale ndi pa wailesi. Munthu wa galamafoni ankabwerekedwa pa ukwati monga momwe lero timabwerekera wa masipika, ndipo ankakhala pampando wa ulemu. Boma litaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo, njira imeneyi inachepa mphamvu. Koma khutu linali litazolowera kale kuti nyimbo yovinira pa bala ndi yochokera kutali.

Ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma, kunali usiku wina umene eni dera sankaudziwa n'komwe kupatula ophika ndi operekera zakudya. Hotela ya Grand Beach, imene pano ndi Sunbird Livingstonia Beach, inali ya azungu odzapuma kunyanja. Kugawanika kumeneku, usiku wa kutauni ndi usiku wa kumchenga, kulipobe mpaka lero. Chasintha n'choti malire ake tsopano ndi thumba.

Nthawi ya Kamuzu inabweretsa botolo. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo giriini inayamba kupezeka m'mabotolositolo. Chibuku chinali m'mathaveni. Chaka chomwecho kunayamba chitukuko chachikulu cha ulimi m'chigwa cha Salima ndi thandizo la dziko la Germany, chimene chinadzaza bomali ndi alangizi, madalaivala a mathirakitala ndi akalaliki olandira pamwezi. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, misika ya thonje inali ndi nyengo yake yodziwika, ndipo mwini bala aliyense ankaidziwa nyengoyo kuposa mlimi. Kunabweranso sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi kampu ya asilikali a parachuti ku Senga Bay. Awa ndi makasitomala amene salira mvula kapena mtengo wa thonje. Mwezi ukatha, alandira.

Malume anga ankagwira ntchito pa bala ina ya kutauni m'zaka zimenezo, ndipo chimene ankakonda kukamba ndi jukubokosi. Unkaponya kobidi, n'kudina nambala, kadzanja kachitsulo n'kutola mbale anthu akuonerera pagalasi. Ndewu zambiri, iwo ankatero, sizinkayambira pa mkazi kapena pa ngongole. Zinkayamba munthu mmodzi akaponyera nyimbo imodzimodzi kasanu motsatizana. Tsiku lina msilikali wina anawagwira pamkono n'kunena kuti, “Achimwene, mukaizimitsa imeneyi mundibwezere ndalama yanga ndi ya mawa yomwe.” Anaisiya ilire mpaka kutseka.

Unali usiku wodzisunga. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo, amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, nyimbo zinkadutsa ku bungwe lounika zisanaulutsidwe, ndipo wailesi inali imodzi, MBC. Pa bala munthu ankayankhula akuyang'ana uku ndi uku. Nyimbo ya Chilingala inali ndi ubwino wake pamenepa: palibe amene akanakufunsa kuti ikutanthauzanji.

Phula litalanda njanji

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Salima inasanduka nyanja ya a ku likulu, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 basi. Mu 1979 njanji inapitirira mpaka ku Lilongwe, ndipo sitima imene inkathera pano inayamba kungodutsa. M'zaka zomwezo za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuchoka m'matauni ang'onoang'ono kupita m'mizinda ikuluikulu. Kutauni kunayamba kuzizira pang'onopang'ono. Pamene msewu wa ku Lilongwe, M14, ndi wa m'mbali mwa nyanja, M5, zinakhala njira zenizeni za anthu ndi katundu, ndalama inasamukira pamene mabasi amaima ndi pamene malole amagona. Maresitihausi, mabotolositolo ndi malo azisangalalo zinamera pa Kamuzu Road. Sitima ya anthu inasiya kale kufika kuno, ndipo ana a masiku ano siteshoni amaidziwa ngati njira yachidule yopitira kumsika.

Kusamuka kumeneku kunakumana ndi kusintha kwa ndale. Pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, lamulo la kavalidwe linachoka, pakamwa panamasuka, ndipo kaseti inatchipa. Kwa nthawi yoyamba nyimbo ya Chichewa inayamba kulamulira pa bala. Inachokera ku Balaka, kumene Paul Banda ndi Alleluya Band anali ataphula kale kaimbidwe kawo ka reggae yofewa ya pa kiyibodi. Mng'ono wake Lucius Banda anatulutsa chimbale chake choyamba mu 1994, ndipo pambuyo pake panabwera a Billy Kaunda, a Mlaka Maliro ndi ena ambiri a sukulu yomweyo. Makaseti ankachulukitsidwa ndi kugulitsidwa kudzera kwa O.G. Issa ku Limbe, n'kufalikira ndi mavenda. Tikayang'ana mapu, M5 imachokera kufupi ndi Balaka komweko, kudzera ku Golomoti ndi ku Mua, n'kudzatulukira ku Salima. Bandi yochoka ku Balaka kupita ku Nkhotakota kapena ku Mzuzu inalibe chifukwa chodumphira pano.

Kenako kunabwera reggae ya ku Chileka. Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, koma gulu limene anasiya, Black Missionaries, linasanduka bandi yoyendayenda kuposa ina iliyonse m'dziko muno. Kayendedwe ka mabandi otere n'kamene kanaumba sabata ya Salima monga tikuidziwira: Lachisanu kapena Loweruka usiku pa malo ena a pa Kamuzu Road, Lamulungu masana kunyanja, kumene mabanja amabwera ndi ana. Pangano lake nthawi zambiri limakhala losavuta. Bandi imatenga za pakhomo, mwini malo amadyera pa mowa. Mvula ikagwa kapena anthu akapanda kubwera, wolira ndi wa bandi, amene walipira kale galimoto ndi mafuta.

Pakati pa zonsezi panalowanso kwasakwasa ndi ndombolo, sungura ya ku Zimbabwe, ndi nyimbo za ku Zambia zimene zinagwira kwambiri m'zaka za m'ma 2000 chifukwa Chinyanja chake timachimva. Salima sinakanepo mlendo.

Kalendala ya m'madzi

Pali chinthu chimene anthu a ku Lilongwe sachiona akamabwera kudzasamba Loweruka. Kuseri kwa malo ogona alendo, m'midzi ya asodzi, kuli usiku wachitatu, ndipo umayendera mwezi wa kumwamba. Usipa amaupha ndi kauni: siginala, mtsogoleri wa asodziwo, amapita patsogolo ndi bwato la nyali, nsomba zimasonkhana pa kuwalako, alovi, anyamata okoka ukonde, n'kuzinga ndi ukonde wa chilimira. Ntchito imeneyi imafuna mdima. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba, maboti ambiri amakhala pamtunda, ndipo alovi amene masiku onsewa amagona pamadzi amapezeka pa bala ndi ndalama m'thumba. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira n'chimodzimodzi, kungoti pamenepo ndalama imatha msanga ndipo ngongole imachuluka. Mwini shabini wa kudoko amayang'ana kumwamba asanaode mowa.

Mlovi amalandira ndalama yake m'mawa, pamanja, nsomba zikangogulidwa. Choncho kudoko "usiku" ukhoza kuyamba 9 koloko m'mawa, sipika ili pamwamba, dzuwa likuswa mtengo. Pa chilumba cha Mbenji, chimene chili m'manja mwa mfumu Makanjira, malamulo a makolo amaletsa mowa, njuga ndi akazi, ndipo chilumbacho chimatsekedwa miyezi ya mvula mpaka cha mu Epulo kuti nsomba ziswane. Anthu amayamikira malamulowa chifukwa chosunga utaka, ndipo n'zoona. Koma ludzu limene msodzi walisunga pa chilumba amakalithetsera kumtunda, ndipo madoko a kufupi amadziwa bwino tsiku limene maboti abwera.

M'midzi yomweyi, ya mafumu ngati Maganga, Pemba ndi Kuluunda, muli Asilamu ambiri. Kumeneko usiku uli ndi nyimbo zake zosadutsa pa bala: sikiri, imene amuna amaimba ndi mpweya wa m'chifuwa popanda ng'oma, kaswida, ndi manganje a nthawi imene anamwali akutuluka ku ndagala. M'mwezi wa Ramadan malonda a usiku amasintha nkhope. Kumtunda kwa Khombedza ndi Kalonga kuli gule wamkulu, chisamba, chimtali ndi mganda wa mabadza. Ngati pali nyimbo imene tinganene kuti ndi ya ku Salima, ndi imeneyi. Chodabwitsa n'choti pa zaka zonsezi palibe amene anaitenga n'kuiika pa gitala mpaka dziko lonse kunena kuti uku ndi kuimba kwa ku Salima, monga timanenera za Balaka kapena Chileka.

Ine ndimaona kuti chifukwa chake si kusowa kwa luso. Balaka inali ndi parishi imene inagula zida, inapereka chipinda choyeserera, kenako situdiyo. Chileka inali ndi mabanja a oimba, kuyambira kwa a Kachamba mpaka kwa a Fumulani, ndiponso Blantyre pafupi. Salima ili ndi Lilongwe pafupi, koma kufupikako kumagwira ntchito mobwerera: mnyamata waluso sachedwa kukwera minibasi, ndipo mwini bala akafuna bandi amangoitanitsa ku likulu, ifika maola awiri asanathe.

Zikondwerero za pa mchenga

Dzina la Salima pa nkhani ya zoimbaimba linamveka kunja chifukwa cha mchenga wa ku Senga Bay. Lake of Stars, chikondwerero chimene anayambitsa Will Jameson wa ku Britain ndipo chinayambira ku Chintheche, chinachitikira ku Livingstonia Beach mu 2008, n'kudzabweranso m'bomali mu 2018 ku Kabumba, kumene kunaimba Major Lazer. Mu 2024 chinali kwa aneba athu ku Nkhotakota. Sand Music Festival, ya malemu Lucius Banda, inakhazikika ku Livingstonia Beach kwa zaka zingapo, ndipo inabweretsa Busy Signal wa ku Jamaica mu 2015 ndi Diamond Platnumz wa ku Tanzania mu 2016. Lucius anamwalira mu Juni 2024.

Masiku atatu amenewo tauni imasanduka ina. Magalimoto amatsika phiri kuchokera ku Lilongwe mondondozana, maresitihausi amadzaza mpaka pa Kamuzu Road, anthu amabwereketsa zipinda za m'nyumba zawo, nkhuku ndi chambo zimakwera mtengo, akabaza amapalasa mpaka mbandakucha. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndi pa Khirisimasi, pamene dziko lonse limaoneka ngati lapangana kukasamba kunyanja. Ndalama imalowadi, ndipo wonena kuti zikondwererozi sizipindulira eni dera sanafunse amayi ogulitsa nsomba yowotcha.

Koma phindu la pa nyimbo ndi lochepa. Siteji, masipika, magetsi, ngakhale oyendetsa zidazo zimabwera pa lole ndipo zimabwerera pa lole Lolemba. Tikiti ndi ya mtengo woti wakabaza apalase masiku angapo osadya. Oimba a m'bomali akapatsidwa mpata amaikidwa masana, anthu akadali m'madzi kapena akugona matsire. Ndinaonapo anyamata atatu a babatoni, ija ya chingwe chimodzi ndi bokosi la chikopa, akuimba kunja kwa geti ya chikondwerero china. Anthu otuluka kukagula ndudu ankaima, kuwajambula pa foni, kuwaponyera kenakake. Gulu limene linawazinga linkavina kuposa la m'kati pa ola limenelo. Mlonda anabwera n'kuwauza kuti asendere uko, akutsekereza njira ya mabwana.

Kuchoka pa kaseti kufika pa fulashi

Kaseti itafa, CD sinakhalitse. Anailowa m'malo ndi anyamata obena nyimbo, okhala ndi kompyuta m'kashopu ka malata kumsika, amene amakudzazirani memori khadi kapena fulashi ndi nyimbo mazana pa mtengo wa botolo limodzi. Kwa zaka zambiri anyamata amenewa ndiwo akhala akusankhira tauni nyimbo, kuposa wailesi. Chimene aika mu foda ya "zatsopano" n'chimene mumve pa bala, m'minibasi ndi pa ukwati. Woimba sapezapo kanthu, ngakhale bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo, limayesa kutolera ndalama za ziphaso kwa obena ndi kwa eni malo azisangalalo. Pano WhatsApp ndi TikTok zayamba kuwalanda ntchito nawonso.

Kwa mwini bala masamu ake ndi achidule. DJ mmodzi ndi laputopu amaimba usiku wonse, satopa, safuna chakudya cha anthu khumi, ndipo ali ndi amapiano, afrobeats, dancehall ndi nyimbo za achinyamata a kwathu kuno monga Eli Njuchi ndi Driemo, zonse pamalo amodzi. Onjezanipo tebulo la pulu ndi kanema woonetsa mpira wa ku England, Loweruka latha. Bandi yamoyo yatsala ya apo ndi apo, ikamadutsa. Ngakhale pa mchezo wa ukwati kumudzi, pamene kale amayi ankachezera kuimba ndi ng'oma, lero pamakhala jenereta ndi masipika obwereka. Amayi aja amadikira mafuta athe.

Zaka zapitazi usikuwu walandira mikwingwirima yotsatizana. Mowa wa m'masacheti unasokoneza achinyamata mpaka boma linauletsa, ngakhale unangobwerera m'timabotolo. Kuthimathima kwa magetsi kunakakamiza mwini malo aliyense kugula jenereta, ndipo zimaseketsa mowawa kuti bomali lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka, amene anatsegulidwa mu 2021, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse ndipo bala ya pafupi imathimirwa ngati ina iliyonse. Nthawi ya Covid-19, kumayambiriro kwa 2021, mabala ankalamulidwa kutseka 8 koloko usiku, ola limene ku Salima anthu amakhala akungoyamba kumene kutuluka m'nyumba kutentha kutachepa. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ambiri amene ankamwa botolo anabwerera ku chibuku ndi kachasu. Mu 2024 nyanja inakwera n'kumiza mchenga ndi zipinda za malo ena ogona alendo ku Senga Bay, mchenga womwewo umene siteji imaimapo.

Mbali inayi kwabwera ndalama zatsopano. Fakitale ya shuga ndi minda ya mango zabweretsa antchito olandira pamwezi, ndipo malo ang'onoang'ono a m'mbali mwa M5 amene kale ankagona 7 koloko pano ali ndi masipika awo. Phokoso layambanso kutambasuka motsatira msewu.

Malo amodzi amene zida zamoyo zikuliridwabe sabata iliyonse ndi kutchalitchi. Chiyambire 1994 mipingo ya chipentekoste yachuluka, ndipo uliwonse umafuna kiyibodi, gitala ya besi ndi ng'oma zachizungu. Lachisanu usiku, pamene bala ikuliza amapiano, holo ya sukulu ya pafupi imakhala ndi mapemphero a usiku wonse, ndipo masipika awiriwo amalimbana mpaka tambala. Pafupifupi mnyamata aliyense wa kuno wodziwa kugwira chida anaphunzirira kumeneko, chifukwa kulibe kwina kumene angakhudze kiyibodi osalipira.

Mwana wa achemwali anga ndi mmodzi wa iwo. Anayamba ndi ng'oma za zigubu kuseri kwa nyumba, abusa anamuona, anamuika pa kiyibodi ali Fomu 1. Chaka chatha ankaimba Loweruka usiku pa malo ena ku Senga Bay, nyimbo za eni ake zosangalatsa alendo, n'kukwera njinga yamoto mbandakucha kuti 8 koloko akhale ali kutsogolo kwa mpingo atavala tayi. Mayi ake ankadandaula za Lowerukalo, abusa ankadziwa koma sankafunsa. Ali ndi nyimbo zake zinayi zimene anapeka pa kayendedwe ka ng'oma za chisamba, zimene anajambula pa foni n'kunditumizira. Nditamufunsa kuti bwanji osaziimba kunyanja kuja, anati, “Amalume, kumene kuja amafuna zimene akuzidziwa kale.”

Mwezi wa Febuluwale bandi ina ya ku Lilongwe inamuitana kuti akalowe m'malo mwa wa kiyibodi wawo. Ndinamuperekeza pa Kamuzu Road Lolemba m'mawa, mabala ali chitsekere, anyamata akusesa zitsekerero za mabotolo pakhonde. Ananyamula kachikwama kamodzi. Kiyibodi anaisiya, ndi ya mpingo.